Bokosi la Eko la a Thomson

Zikomo anali atagwada pansi akulumikiza mawaya pamene anamva munthu akutsokomola panja. Sichinali chifuwa cha chimfine. Chinali chouma, chochokera pansi penipeni, ngati wina akukoka thumba la miyala pa simenti.

Situdiyo yakeyo inali kachipinda kuseri kwa saluni ya achemwali ake pa Chonde. Makoma anawamata ndi matileyi a mazira, zenera analitseka ndi matiresi akale, ndipo pa tebulo panali laputopu imene ankaisamala kuposa nsapato zake za ku tchalitchi. Chilembereni mayeso a Fomu 4, m'kachipindamo anali atajambuliramo anyamata a nyimbo zovina, makwaya, ndi mlaliki wina amene anakuwa mpaka makasitomala a saluni anathawa tsitsi lili theka. Koma anali asanajambulepo munthu woti mawa lake sadzakhalanso ndi mawu.

Ireen ndiye anayamba kulowa, atanyamula chinthu chokulungidwa m'chitenje ngati khanda. Pambuyo pake panali bambo ake, a Thomson, atavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo.

"Ndiye muno ndi mmene mumaphikidwa nyimbo?" anatero a Thomson, mawu awo ali osasa ngati chitseko cha dzimbiri. "Ine ndimayesa ndalowa m'khola la nkhuku."

"Takulandirani, bambo. Khalani apa," anatero Zikomo, akupukuta mpando umene anali ataupukuta kale.

A Thomson ankayendetsa thirakitala ku esiteti ya tiyi, koma kuyambira pa Chonde mpaka pa Nkando anthu ankawadziwa ndi nyimbo. Ukwati wopanda iwo unkangokhala msonkhano. Iwo eni ankakonda kunena kuti ukaipa dziwa nyimbo. Tsopano madokotala ku Blantyre anali atawapeza ndi chotupa pa kholingo. Kuti moyo upulumuke, kholingolo linayenera kuchotsedwa, ndipo mawu anayenera kupita nalo limodzi. Minibasi ya m'mawa mwake inali yoti iwatengere kuchipatala.

Ireen anabwera kudzanena zimenezi Lolemba, maso ali psuu. Anati bambo ake ali ndi nyimbo imodzi imene sanaimbepo pagulu, yopekera amayi ake, ndipo akufuna kuisiya. Zikomo anamukonda mtsikanayu kuyambira ali Fomu 2. Anali atamupekera nyimbo zambirimbiri zimene sanamumvetse ngakhale imodzi, ndipo tsikulo, poona misozi ija, pakamwa pake panathamanga kuposa mutu.

"Usadandaule," anamuuza. "Pa kompyuta palibe chimene chimawonongeka. Mawu amalowa oyera, zokometsera ndimaika pamwamba. Chikalakwika ndimangodina, chimabwerera mmene chinalili."

Zinali zoona. Ndi mmene ankagwirira ntchito. Woimba akamaimba, dzanja la Zikomo silinkakhala chete: amawonjezera eko, amachepetsa, amayesa ichi, amayesa icho, podziwa kuti mawu enieniwo ali pansi, osakhudzidwa, ngati thupi m'kati mwa malaya.

Anawaveka a Thomson mahedifoni, n'kuwatsegulira eko ya pa laputopu, ija ankaitcha ya m'tchalitchi chachikulu. A Thomson anapuma mozama, anayamba mzere woyamba, kenaka anaima.

"Mnyamata, m'makutu mwangamu muli munthu wina."

"Ndi inu nomwe, bambo."

"Ayi. Ameneyu akubwera pambuyo panga, akundiyeseza. Ndikati ndiponde apa, iye akundikola mwendo."

Zikomo anadziwa vutolo. Laputopuyo inali yokalamba. Inkayamba yaganiza kaye isanabweze mawu m'makutu, ndipo kuchedwa kwakung'onoko n'kokwanira kusokoneza woimba. Anazimitsa eko. A Thomson anayesanso, anafika pakati pa ndime yoyamba, mawu anasweka, chifuwa chinawagwira. Anapinda msana, dzanja lili pa tebulo.

"Chonchi ndiye ndili ngati ndikuimba m'thumba," anatero atapezako mpweya. "Mawu akungogwera pamapazi. Ndikukankha, osamva pamene akupita."

"Ababa, adokotala anati musakakamize," anatero Ireen. Kenaka anatembenukira kwa Zikomo, n'kunong'ona: "Akayesanso kawiri basi, atha. Chita kanthu."

Mantha anamugwira Zikomo. Mawu a bambowa anali ngati madzi otsala pansi pa ndowa, ndipo iye anali atataya kale makapu awiri.

A Thomson analoza chitenje chija. Ireen anachimasula. M'kati munali bokosi lachitsulo, lotuwa, dzimbiri m'makona, lokhala ndi mabatani atatu opotokola. Zolemba zake zinafufutika kalekale. Pa batani lililonse panali kachizindikiro ka penti yofiira.

"Ndinaligula ku Milange Ireen asanabadwe," anatero a Thomson, akulisisita. "Mnzanga uyu sachedwa. Ukamuitana amayankha pompo, ngati thanthwe la phiri la Chambe."

Zikomo anayang'ana kuseri kwa bokosilo. Polowera waya pamodzi, potulukira pamodzi. Kachipangizo kake kolowetsera mawu mu laputopu nakonso kanali ndi khomo limodzi lokha. Panalibe njira yosungira mawu oyera pambali.

"Bambo, mawu akadutsa m'bokosi umu, eko imamatirira. Sindingaichotsenso. Zili ngati shuga mu tiyi."

"Nanga iwe tiyi umamwa wopanda shuga, poopa kuti mwina mawa usintha maganizo?"

Ireen anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene misozi ili pafupi. Zikomo sanaseke. Analumikiza maiki ku bokosi, bokosi ku laputopu. Kanyali kofiira kanayaka. M'mahedifoni munamveka kaphokoso kapansipansi, ngati njuchi imodzi yotsekeredwa m'botolo.

"Aa," anayesa a Thomson. Bokosi linayankha: aa, aa, n'kuzilala. Nkhope yawo inamasuka. Anaimirira, anakonza kolala ya jekete, n'kutsinzina.

Zikomo anadina pojambulira.

Panalibe gitala, panalibe ng'oma. Mawu okha, osasa, ong'ambika m'mphepete, koma bokosi lija linkawanyamula, n'kuwayala patali ngati nkhungu ikamatsika m'minda ya tiyi.

"Unali ndi dengu kumsana, mame m'miyendo,
ine ndinaiwala giya, thirakitala inazima.
Akapitawo anakuwa, ine osamva,
ndinali nditapita kale, mtembo wokha pa chiwongolero."

Ndime zina zinali m'Chilomwe chimene Zikomo ankangomva mwa apo ndi apo. Sanafunike kumva zonse. Pa laputopu mizere ya mawu inkakwera ndi kutsika ngati mapiri ang'onoang'ono, ndipo mtima wake unkakwera nayo. Anayamba kuona Ireen ali ndi dengu kumsana. Anadziona yekha atakalamba, akuimba chonchi.

Ndime yomaliza inafika. A Thomson anatambasula dzanja ngati akuitana munthu ali kutsidya la mtsinje.

"Alefa…"

Ireen anagwira pakamwa. Chibadwire anali asanamvepo bambo ake akutchula dzina la amayi ake. Kunyumba anali amake Ireen, ku tchalitchi anali mayi Thomson. Dzina lija linali litapindidwa n'kuikidwa pansi pa sutikesi kuyambira tsiku limene iye anabadwa, ndipo lero linatuluka, likadali latsopano.

Zikomo anaona msozi ukutsika pa tsaya la Ireen. Anafuna kuti dzinalo lisathe msanga, liyandame pang'ono pokha m'mwamba. Sanaganize. Dzanja linapita lokha, monga linkapitira masiku onse, n'kupotokola batani lapakati kupyola kachizindikiro kofiira kaja.

Alefa. Alefa. Alefa.

M'malo mozilala, dzinalo linayamba kukula. Lililonse linkakwera pamsana pa linzake, linkanenepa, linkachita mdima, mpaka silinalinso dzina koma mkokomo, chimphepo, chinthu chamoyo chimene chinkadzidya chokha. A Thomson anatsegula maso. Sanasiye. Mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, anaimba mzere womaliza m'kati mwa chimkokomocho, milomo ikuyenda, mawu osamveka.

Zikomo anabweza batani. Mkokomo unatsika pang'onopang'ono, n'kufa. Kenaka anangopeza zala zake zili pa laputopu, zikudina pobwezera m'mbuyo. Anadina, anadinanso. Anazichotsa msanga ngati wagwira mbaula, poona kuti pang'onong'ono akanafafaniza nyimbo yonse. Anaibwezeretsa. Inabwerera mmene inalili, chimkokomo chake chili pomwepo, chakuda bii kumapeto kwa mizere.

A Thomson anali atakhala pansi, akutsokomolera m'kampango. Pochotsa kampangoko, Zikomo anaona timadontho tofiira.

"Ti… tingabwereze ndime yomaliza yokha?" anafunsa, mawu ake ali ngati a mwana.

A Thomson anatsegula pakamwa. Munangotuluka mpweya.

"Ayi, basi," anatero Ireen, akuwapatsa madzi. Iye sanavale mahedifoni, koma phokosolo analimva likutulukira m'makutu mwa bambo ake. "Chinali chiyani chimene chija? Ukonza, eti? Unati palibe chimene chimawonongeka."

Maso ake anali pa iye, akuluakulu, onyowa, okhulupirira.

"Ndikonza," anatero Zikomo.

A Thomson anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakulunga okha bokosi lawo m'chitenje.

Masiku otsatirawo Zikomo sanajambule munthu. Anyamata ankagogoda, iye n'kumati magetsi avuta. Anatsegula pulogalamu iliyonse imene anali nayo: yochotsa phokoso, yosefa mawu, ina yatsopano imene anthu ankati imasiyanitsa woimba ndi zing'wenyeng'wenye. Zonse zinalephera, chifukwa phokosolo silinali mphepo kapena galimoto yodutsa. Linali mawu a a Thomson omwewo, ataunjikana. Akachotsa mkokomo, bamboyo ankachoka nawo. Akabweza bamboyo, mkokomo unkabwera nawo.

Anaimbira Mackson, mnzake amene ankagwira ntchito mu situdiyo yaikulu ku Blantyre, n'kumutumizira kachidutswa.

"Aise, ukundipempha ndichotse mchere m'ndiwo zakupsa?" anatero Mackson. "Unakhudziranji bokosi munthu akuimba? Zachitsulozi si zidole zathu zija. Madzi akatayika saoleka. Ingomuitananso mdalayo aimbe."

Zikomo anadula foni.

Kenaka mantha ena anabwera, aakulu kuposa oyamba. Bwanji a Thomson akapanda kudzuka pa tebulo la opaleshoni? Ndiye kuti mawu awo omaliza pa dziko lapansi anali oti iye, Zikomo, anawakwirira ndi chala chimodzi pofuna kusangalatsa mtsikana. Foni ikalira, ankaopa kuiyankha. Akamva galimoto ikuyenda pang'onopang'ono pamsewu, ankasuzumira kuti aone ngati ili ndi nthambi zamasamba kutsogolo. Ngakhale chowumitsira tsitsi cha mu saluni chikayamba kulira kuseri kwa khoma, iye ankamvamo dzina lija likukula.

Uthenga wa Ireen unafika masana ena: opaleshoni yatheka, ababa adzuka. Zikomo anakhala pansi pa simenti, n'kulira ngati wamenyedwa. Atatha kulira, anakumbukira kuti munthu wamoyo amafunsa zinthu zake.

Ndiye anachita chimene akanatha. Anadula nyimboyo ndime yomaliza isanayambe, n'kuizilalitsa bwinobwino, mwaulemu. Inamveka yokongola. Munthu wosadziwa sakanazindikira kuti yadulidwa mutu.

Mvula yoyamba itagwa, Ireen anamuitana. Zikomo anakwera kabaza mpaka pa geti la esiteti, n'kuyenda wapansi pakati pa tiyi amene anali atayamba kuphuka, sipika m'chikwama, laputopu pachifuwa. Phiri linali litafunda mitambo. Mwendo uliwonse unkamuuza kuti abwerere.

Nyumba ya kampani inali ya zipinda ziwiri. A Thomson anakhala pa mpando wa pakona, ataonda, kansalu koyera katamangidwa pakhosi. Anamupatsa moni ndi dzanja. Akazi awo, a Alefa, anali pa mkeka, lichero la nandolo pamiyendo.

"Ndiwe mwana wa nyimbo uja?" anatero a Alefa. "Bambo awa akhala akundilozera khutu chibwerereni. Ine ndimati mwina likuwawa."

"Amama sakudziwa kanthu," Ireen anamunong'oneza, maso akuwala. "Ika."

Zikomo anaika yodulidwa ija.

Mawu a a Thomson anadzaza kanyumbako. A Alefa anasiya kusenda. Pa mzere wa thirakitala anaseka, n'kunena kuti, "Bodza! Inazima chifukwa munalibe dizilo." A Thomson anagwedeza mapewa, kuseka kopanda phokoso. Nyimbo inapitirira, inafika pamene Zikomo anaidula, n'kuzilala mwaulemu muja.

"Yokoma," anatero a Alefa, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Gu! Gu! A Thomson anamenya mkono wa mpando ndi chikhatho. Anayang'ana Zikomo, n'kuzungulitsa chala m'mwamba: pitiriza.

"Ndime yomaliza ili kuti?" anafunsa Ireen.

Zikomo anayang'ana laputopu yake. Akanatha kunena kuti laputopu yavuta. Akanatha kupempha sabata ina, ndi inanso. Koma bambo wa pakonayo analibe mawu oti amutsutse nawo, ndipo chimenecho ndicho chinamulepheretsa kunama.

"Sindinathe kukonza," anatero, akuyang'ana pansi. "Ndine ndinapotokola batani, bambo akuimba. Ndinazolowera za pa kompyuta. Mzere womaliza unakwiririka, ndipo palibe amene angaufukule. Ndayesa, ndafunsa. Palibe."

"Unati…" Ireen anayamba. "Ndinakubweretsera ababa anga, Zikomo. Anatulutsa magazi m'kachipinda kako kaja."

"Ndikudziwa."

Gu! Chikhatho chija chinamenyanso. Chala chinaloza laputopu.

Zikomo anatsegula inayo, yathunthu, n'kuiyambitsa pa ndime yomaliza. Kenaka analowetsa manja ake onse pakati pa mawondo, n'kuwapana.

"Alefa…"

Lichero linapendekeka. Nandolo zinamwazika pa mkeka, zina zinagubuduka mpaka pakhomo. A Alefa sanazione. Dzina lawo linabweranso, linabweranso, likukula, likudzaza denga, mpaka linasanduka mkokomo ngati wa madzi a Napolo akamatsika m'phiri. A Alefa anagwira pamtima. Zikomo anatsinzina, akudikira kuti wina akuwe kuti zimitsa.

Mkokomo unatha. Kunja mvula inali itayamba kuwaza pa malata.

"Ikanso," anatero a Alefa. Mawu awo anali ang'ono.

"Amama, yawonongeka," anatero Ireen.

"Ndati aikenso."

Zikomo anatulutsa dzanja limodzi, anadina, n'kulibweza msanga pakati pa mawondo.

"Alefa…" inaitana sipika ija ndi mawu a mwamuna wawo. Alefa. Alefa.

"Ndamva, bambo a Ireen," anayankha a Alefa, akuyang'ana sipika, kenaka mwamunayo. "Ndamva kale. Zaka zonsezi munalisunga kuti, kuti lero mulikhuthule lonse pakamodzi?"

Mkokomo unakwera. M'kati mwake, pamalo penipeni pamene mzere wotayika uja unayenera kukhala, a Thomson anawerama pang'ono kuchoka pa mpando, anayang'ana akazi awo m'maso, n'kuyendetsa milomo. Pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, popanda mpweya.

A Alefa anayang'anitsitsa milomoyo. Mwadzidzidzi anakoka chitenje n'kubisa nkhope yonse, mapewa akugwedezeka. Sizinadziwike ngati akulira kapena akuseka.

"Akuti chiyani?" anafunsa Ireen. "Amama, akuti chiyani?"

"Si zako," anatero a Alefa m'kati mwa chitenjemo. "Tola nandolozo."

Ireen anatola nandolo osayang'ana Zikomo. Anatuluka nazo, n'kukhalitsa kukhitchini. Zikomo ankamvera mvula, manja ali pomwe paja. Ankadziwa kuti mzere uja sudzamvekanso, ngakhale atadzagula makina a mtundu wanji. A Thomson anali atatsamira, maso otsinzina, chala chikugunda pang'onopang'ono pa bondo.

Ireen pobwera anali ndi makapu pa thileyi. Anapereka kwa bambo ake, kwa amayi ake. Yotsalayo anaiika pansi, patsogolo pa Zikomo, mwamphamvu moti tiyi anatayikira pang'ono m'mbali. Maso ake anali akadali ofiira.

"Shuga ndathira kale," anatero. "Ngati wachuluka, umwa choncho."

Zikomo anatulutsa manja ake onse awiri, n'kunyamula kapuyo mosamala.